J.R.R. Tolkien, Katswiri wa Ziyankhulo, ndi Mitundu Yopeka Imene Adatisiyira

Mawu oyamba

Dzina la J.R.R. Tolkien ndidayamba kulilabadira chifukwa cha masewero a patebulo. Ndili m'chaka chachiwiri pa yunivesite, mnzanga wina adabwera ndi buku lakale la malamulo a masewero otchedwa Dungeons & Dragons, losindikizidwa m'chaka cha 2003, pamodzi ndi kathumba ka madayisi. M'masewerowa munthu mmodzi amakhala ngati wokamba nthano, ndipo amafotokoza dziko, njira ndi adani. Ena onse aliyense amatenga mpangankhani mmodzi n'kumamuyankhulira, ndipo madayisi ndiwo amagamula, ngati maere, kuti zimene mpangankhaniyo wayesa zatheka kapena zalephereka.

Masewero asanayambe, aliyense amayenera kusankha mtundu wa mpangankhani wake. Ine ndinkafuna wanyonga, choncho ndidasankha wobadwa kwa munthu ndi Orc. Bukulo lidati woteroyo awonjezeredwe mapointi 2 pa nyonga, koma achotseredwe 2 pa nzeru ndi 2 pa chikoka. Tonse tidaseka. Koma pobwerera kuchipinda nkhaniyo idandikhala pamtima. Mpangankhani wanga adali asanayankhule kapena kuchita kalikonse, koma nzeru zake zidali zitachepetsedwa kale chifukwa cha magazi a makolo ake. Ndidafuna kudziwa kumene mitunduyi idachokera, ndipo kufufuzako kudandifikitsa kwa pulofesa wa ziyankhulo amene adamwalira m'chaka cha 1973.

M'nkhani ino ndifotokoza mbiri ya moyo wa mkuluyu. Ndionetsa kuti mitundu yake adaiumba kuchokera ku ziyankhulo, kuti m'kuumbako mudalowa maganizo ena a tsankho a nthawi yake, ndiponso kuti iye mwini adakayika mpaka imfa ngati cholengedwa choyankhula chingabadwe choipa. Masewero a patebulo adatenga mitunduyo, koma kukayikako adakusiya m'mbuyo.

Kubadwa ndi ubwana

John Ronald Reuel Tolkien adabadwa pa 3 Januwale 1892 mumzinda wa Bloemfontein, m'dziko limene panthawiyo linkatchedwa Orange Free State, lomwe lero ndi mbali ya South Africa. Bambo ake, Arthur Tolkien, adali mkulu wa nthambi ya Bank of Africa mumzindawo. Mayi ake, Mabel, adali ochokera ku Birmingham, ku England. Pali chithunzi cha banjali cha m'chaka chomwecho chimene chikuonetsa antchito akuda a pakhomopo ataima pamodzi ndi eni nyumba, ndipo olemba mbiri amati Mabel sankakondwa ndi mmene azungu a kumeneko ankachitira ndi anthu akuda.

M'chaka cha 1895 Mabel adatenga Ronald ndi mng'ono wake Hilary kupita nawo ku England, poona kuti kutentha kunkamudwalitsa mwana wamkuluyo. Bambo adatsala kuti adzabwere pambuyo, koma adadwala n'kumwalira mu Febuluwale 1896. Ronald sadabwererenso ku Africa moyo wake wonse.

Banjalo lidakakhala ku Sarehole, kamudzi ka kunja kwa Birmingham komwe kudali chigayo choyendera madzi, minda ndi mitengo. Kumeneko mayi ake adamuphunzitsa Chilatini, Chifalansa ndi mayina a zomera. M'chaka cha 1900 Mabel adalowa mpingo wa Katolika, ndipo abale ena adakwiya n'kusiya kumuthandiza. Adamwalira mu Novembala 1904 ndi matenda a shuga, ali ndi zaka 34, nthawi imene mankhwala a insulin adali asanatulukiridwe. Ronald adakhala wamasiye ali ndi zaka 12, ndipo iye ndi mng'ono wake adaleredwa ndi wansembe wina, Bambo Francis Morgan. Chikhulupiriro cha mayi ake adachigwiritsa mpaka kumanda, ndipo tiona kutsogoloku kuti chidakhudza kwambiri nkhani ya ma Orc.

Chikondi cha ziyankhulo

Ali mwana ku Birmingham, Tolkien ankaona mabogi a sitima onyamula malasha atalembedwa mayina a malo a ku Wales, ndipo kamvekedwe ka mayinawo kadamukoka mtima. Pa sukulu ya King Edward's adaphunzira Chilatini ndi Chigiriki, kenaka Chingerezi chakale cha Anglo-Saxon, ndipo adadziphunzitsa yekha Chigothiki, chiyankhulo chimene chidafa kalekale, kuchokera m'buku la Joseph Wright. Adayambanso kupeka ziyankhulo zakezake, poyamba ngati masewero ndi asuweni ake, kenaka ngati ntchito ya moyo wonse.

Adalowa Exeter College ku Oxford m'chaka cha 1911. M'laibulale ya kolejiyo adapezamo buku la malamulo a Chifinishi, ndipo chiyankhulo chimenechi chidakhala maziko a kamvekedwe ka Quenya, chimodzi mwa ziyankhulo ziwiri zikuluzikulu zimene adapeka. Chinacho, Sindarin, adachiumba motsata Chiwelishi. Mfundo yofunika kwa ife ophunzira ziyankhulo ndi yakuti kwa Tolkien chiyankhulo ndicho chidayamba. Iye mwini ankafotokoza kuti nthano adazilemba pofuna kuti ziyankhulo zake zikhale ndi eni ake ndi dziko lokhalamo. Ankadziwa kuti chiyankhulo chopanda anthu, mbiri ndi nyimbo sichikhala ndi moyo.

Ali ndi zaka 16 adakondana ndi Edith Bratt, wamasiye mnzake amene adali wamkulu kwa iye ndi zaka zitatu. Bambo Morgan adamuletsa kuonana naye kufikira atakwanitsa zaka 21, ndipo iye adamvera. Atangokwanitsa zakazo adamulembera kalata, ndipo adakwatirana pa 22 Malichi 1916. Adabereka ana anayi: John, Michael, Christopher ndi Priscilla.

Nkhondo

Atamaliza maphunziro m'chaka cha 1915, Tolkien adalowa usilikali m'gulu la Lancashire Fusiliers, ndipo ntchito yake idali yoyang'anira mauthenga. Pakati pa chaka cha 1916 adatumizidwa ku France, komwe adamenya nawo nkhondo ya ku Somme. Pa tsiku loyamba lokha la nkhondoyo, 1 Julaye 1916, asilikali a Britain oposa 19,000 adaphedwa, ndipo mmodzi mwa iwo adali Rob Gilson, mnzake wapamtima wa kusukulu. Mnzake wina, G.B. Smith, adamwalira mu Disembala chaka chomwecho. Tolkien adapulumuka chifukwa adadwala malungo ofalitsidwa ndi nsabwe za m'ngalande zobisalamo asilikali, ndipo adabwezedwa kwawo mu Novembala.

Akuchira, adayamba kulemba nthano zoyamba za dziko lake lopeka, kuphatikizapo ya kugwa kwa mzinda wa Gondolin, mmene muli kale ma Orc ngati gulu lankhondo la mdani. Munthu amene adalemba za ma Orc adali ataona ndi maso ake anthu akuphana mwaunyinji. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili m'kati, m'chaka cha 1944, adalembera mwana wake Christopher kuti m'moyo weniweni ma Orc amapezeka mbali zonse ziwiri za nkhondo, ngakhale pakati pa Angerezi. Apa tikuona kuti nthawi zina kwa iye Orc lidali dzina la khalidwe lankhanza limene lingamere mwa munthu aliyense.

Ntchito ndi mabuku

Nkhondo itatha, Tolkien adagwira ntchito pa mtanthauziramawu wamkulu wa Oxford English Dictionary, komwe ankafufuza chiyambi cha mawu oyamba ndi lemba la W. M'chaka cha 1920 adapita kukaphunzitsa pa yunivesite ya Leeds, ndipo m'chaka cha 1925 adabwerera ku Oxford ngati pulofesa wa Anglo-Saxon. Kuyambira 1945 mpaka pamene adapuma m'chaka cha 1959 adali pulofesa wa chiyankhulo ndi zolembedwa za Chingerezi pa Merton College. Kumeneko ankakumana kawirikawiri ndi C.S. Lewis ndi anzawo ena m'kagulu kotchedwa Inklings, n'kumawerengerana zimene alemba.

M'chaka cha 1936 adakamba nkhani yotchuka yokhudza ndakatulo yakale ya Beowulf. Akatswiri ambiri ankaona zilombo za m'ndakatuloyo ngati zachibwana, koma iye adaonetsa kuti zilombozo ndizo mtima wa ndakatulo yonse. Mawu akuti orc adawatenga m'Chingerezi chakale chomwecho, mmene ankanena za mizimu yoipa.

Buku la The Hobbit, limene lidayamba ngati nthano yosimbira ana ake, lidatuluka pa 21 Sepitembala 1937. Osindikiza adapempha lina lotsatira, ndipo lidamutengera zaka zoposa khumi. The Lord of the Rings lidatuluka m'magawo atatu m'zaka za 1954 ndi 1955. Litasindikizidwa motchipa ku America m'chaka cha 1965, lidafala kwambiri pakati pa ophunzira a m'makoleji, ndipo ena mwa owerenga a nthawi imeneyo ndiwo adadzakhala osewera oyamba a masewero amene ndatchula aja.

Mitundu ya ku Middle-earth

Dziko la nthanozi limatchedwa Middle-earth, ndipo muli mitundu ingapo. Ma Elf ndi okongola, anzeru, ndipo safa ndi ukalamba. Ma Dwarf ndi afupi, amisiri a miyala ndi zitsulo, okhala pansi pa mapiri. Ma Hobbit ndi timagulu ta alimi okonda mtendere ndi chakudya. Pali anthu wamba a mafuko osiyanasiyana, ndipo pali ma Orc, asilikali a mdani wamkulu, onyansa m'maonekedwe ndi ankhanza.

Mtundu uliwonse adaupatsa kayankhulidwe kake. Ma Elf ali ndi Quenya ndi Sindarin. Ma Dwarf ali ndi Khuzdul, chimene adachimanga motsata ziyankhulo monga Chihebri ndi Chiarabu, mmene tsinde la mawu limakhala makonsonanti atatu. Anthu a ku Rohan adawapatsa mayina a Chingerezi chakale. Koma ma Orc adawalemba kuti alibe chiyankhulo chawochawo: amangotola mawu a ena n'kuwapotoza, ndipo chiyankhulo chotchedwa Black Speech chidapekedwa ndi mbuye wawo Sauron.

Monga wophunzira ziyankhulo, apa m'pamene mtima wanga umagunda. Kunena kuti anthu ena alibe chiyankhulo chenicheni ndi njira yakale yowachotsera umunthu. Agiriki akale ankatcha alendo dzina lotsanzira phokoso lopanda tanthauzo, ndipo m'menemo ndimo mudachokera mawu a Chingerezi akuti barbarian. Tolkien ankazidziwa bwino zimenezi. Komabe, m'buku lake ma Orc amayankhula. Akapitawo awiri, Shagrat ndi Gorbag, amacheza, amadandaula za mabwana awo, amalakalaka kukakhala kwaokha nkhondo ikatha, ndipo amanyoza mdani amene akuganiza kuti wathawa n'kusiya mnzake. Amene amanyoza kusakhulupirika ndiye kuti akudziwa chabwino ndi choipa.

Mbali ziwiri za munthu mmodzi

Kodi Tolkien adali watsankho? Umboni uli mbali ziwiri, ndipo chilungamo chimafuna kuti tiziike zonse poyera.

M'chaka cha 1938 kampani ya Rütten & Loening ya ku Germany, pofuna kumasulira The Hobbit, idamufunsa ngati adali wa mtundu wa Aryan, monga ankafunira malamulo a chipani cha Nazi. Iye adakwiya. Adalemba mayankho awiri n'kuwapereka kwa wosindikiza wake, Stanley Unwin, kuti asankhepo. M'yankho limene lidasungidwa adaonetsa kupanda pake kwa funsolo, ndipo adati ndi zachisoni kuti alibe makolo Achiyuda, anthu amene ankawalemekeza chifukwa cha luso lawo. M'chaka cha 1944, Christopher ali ku South Africa pophunzira kuyendetsa ndege zankhondo, bambo ake adamulembera kuti nkhanza zochitira anthu akuda zimanyansa pafupifupi aliyense wongofika kumene kuchokera ku Britain, koma chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri sachedwa kuzolowera. Potsanzika ku Oxford m'chaka cha 1959 adanena poyera kuti amadana ndi tsankho la apartheid kuchokera pansi pa mtima, ngakhale kuti mfundo yake yaikulu tsikulo idali yodzudzula kulekanitsa maphunziro a chiyankhulo ndi a zolembedwa.

Mbali inayo nayo ndi yoona. M'chaka cha 1958, poyankha anthu amene ankafuna kupanga kanema wa buku lake, adafotokoza ma Orc ngati afupi, a mphuno zophwatalala, a khungu lachikasu ndi maso opendekeka, ndipo adawafanizira mwachindunji ndi anthu a ku Mongolia, kuwatenga ngati chithunzi chawo choipitsidwa, ngakhale adavomereza kuti uku n'kuona kwa maso a Azungu. M'nthano zake zabwino zimachokera kumadzulo, pamene magulu a anthu othandiza Sauron amachokera kum'mawa ndi kumwera, ndipo akumwerawo ndi a khungu loderapo, obwera ndi njovu zankhondo. Adafaniziranso ma Dwarf ndi Ayuda, monga anthu okhala m'maiko a eni koma osunga chiyankhulo chawo. Iye ankanena izi mowalemekeza, koma popeza ma Dwarf a m'nthano amadziwikanso ndi kukonda golide, fanizolo limagwera pa bodza lakale limene lavutitsa Ayuda kwa zaka mazana ambiri.

M'nthano zomwezo mulinso zotsutsa tsankho. Sam, Hobbit wamba, ataona mtembo wa msilikali wakumwera, amadzifunsa za dzina lake, kwawo, ndiponso ngati adalidi woipa mtima kapena adangonamizidwa n'kukakamizidwa kuchoka kwawo. Legolas ndi Gimli, Elf ndi Dwarf, amayamba ndi chidani cha makolo awo n'kumaliza ali pa ubwenzi wa ponda apa nane ndipondepo. M'mbiri ya ufumu wa Gondor, amene adayambitsa nkhondo yapachiweniweni pokana mfumu ya magazi osakanizika ndiwo olakwa. Ine ndimaona kuti Tolkien ankadana ndi tsankho likakhala lamulo kapena nkhanza zooneka, koma sadazindikire mokwanira tsankho lobisala m'zithunzi zimene adakula nazo mu ufumu wa Britain.

Funso limene lidamusowetsa tulo

Monga Mkatolika, Tolkien ankakhulupirira kuti choipa sichingalenge kanthu, chimangopotoza zimene Mulungu adalenga. Choncho mdani sakadatha kulenga ma Orc. Yankho limene lili m'buku la The Silmarillion ndi lakuti adali ma Elf amene adagwidwa n'kuzunzidwa mpaka kusandulika. Koma yankholi lidabala mafunso ena. Ngati ali ndi mzimu ndi ufulu wosankha, kodi mwana wa Orc amabadwa wolakwa? Kodi sangalape? Nanga bwanji ngwazi za m'nthano zimawapha popanda chisoni, mpaka Legolas ndi Gimli kupikisana kuwerenga amene apha? M'kalata ina ya 1954 adatsala pang'ono kulemba kuti ma Orc sangawomboledwe, koma adabweza mawuwo poona kuti apyola malire.

M'zaka zake zomaliza adayesa mayankho osiyanasiyana: kuti adachokera kwa anthu, kapena kuti adali nyama zophunzitsidwa kuyankhula ngati chinkhwe. Palibe limene lidamukhutiritsa. Zolemba zimenezi adazisonkhanitsa Christopher m'buku la Morgoth's Ring la 1993. Edith adamwalira mu Novembala 1971, ndipo Tolkien adamutsatira pa 2 Sepitembala 1973 ku Bournemouth, ali ndi zaka 81. Adaikidwa m'manda amodzi ku Wolvercote, ku Oxford, ndipo pamwala pawo padalembedwa mayina a Lúthien ndi Beren, Elf ndi munthu amene adakwatirana m'nthano zake ngakhale adali a mitundu yosiyana.

Mitundu ija ifika patebulo

Patangopita miyezi yochepa Tolkien atamwalira, m'chaka cha 1974, Gary Gygax ndi Dave Arneson adatulutsa Dungeons & Dragons kudzera m'kampani ya TSR ya ku Lake Geneva, ku Wisconsin. Gygax ankanena kuti adatengera kwambiri alembi ena monga Robert E. Howard, Fritz Leiber ndi Jack Vance, koma mndandanda wa mitundu udali wodziwikiratu kwawo: Elf, Dwarf, Hobbit ndi Orc. M'chaka cha 1977 eni chilolezo cha malonda a nthano za Tolkien adaopseza kukasuma, ndipo mayina ena adasinthidwa, monga Hobbit kukhala halfling.

Masewero amafuna manambala kuti madayisi agwire ntchito. Choncho zimene m'nthano zidali mbiri, chiyankhulo ndi kukayika, m'buku la malamulo zidasanduka mapointi. Buku la Monster Manual la 1977 lidalemba ma Orc onse kuti ndi oipa. Buku la osewera la 1978 lidaika malire a pamene mitundu yosakhala anthu ingafike pokwera maudindo. M'zaka zomwezo mudalowa ma Drow, omwe ndi ma Elf a khungu lakuda okhala pansi pa nthaka, ndipo iwonso adalembedwa kuti ndi oipa. Ngakhale m'chaka cha 2016, buku la Volo's Guide to Monsters lidachotsabe mapointi 2 pa nzeru za Orc.

Oteteza dongosololi ali ndi mfundo zomveka. Wosewera watsopano amafuna poyambira, ndipo akamva kuti Dwarf ndi wamakani ndi wolimba amadziwa msanga mmene angamuyankhulire. Masewero ankhondo amafunanso mdani amene osewera angamenyane naye popanda kuima n'kumadzifunsa. Ndipo ambiri amati Orc ndi Orc basi, palibe munthu weniweni amene akunyozedwa. Ngakhale m'nthano zathu Kalulu ndi wochenjera nthawi zonse ndipo Fisi ndi wadyera nthawi zonse, koma palibe amene amadandaula.

Kusiyana kwake n'kwakuti Kalulu ndi Fisi amaimira makhalidwe opezeka m'mudzi uliwonse ndi m'banja lililonse. Palibe mwana amene amamva nthano ya Fisi n'kuganiza za anthu a tsidya lina la mtsinje. Koma mtundu wopeka ukapatsidwa khungu, maso, zovala ndi miyambo yofanana ndi ya anthu enieni, kenaka n'kulembedwa kuti ndi wanyonga koma wopanda nzeru, wayamba kuyankhula chiyankhulo cha atsamunda. Akuluakulu a asilikali a Britain ankakhulupirira kuti mitundu ina imabadwa ndi mtima wankhondo. Ku India ankatero ndi Asikh ndi Agurkha, ndipo kuno ku Nyasaland ankakonda kulemba Ayao m'gulu la King's African Rifles pa chifukwa chomwecho. Mawu otere amamveka ngati kuyamikira, koma amamuikiratu munthu malire asanabadwe.

Kusintha kudabwera pang'onopang'ono. Masewero a Pathfinder adasiya mawu akuti race m'chaka cha 2019 n'kuyamba kunena ancestry. Mu Juni 2020 kampani ya Wizards of the Coast, imene idagula TSR m'chaka cha 1997, idavomereza poyera kuti mmene ma Orc ndi ma Drow ankafotokozedwera zinkafanana ndi mmene anthu enieni akhala akunyozedwera. Chilango cha pa nzeru za Orc chidachotsedwa. Mu Disembala 2022 kampaniyo idalengeza kuti isiya race n'kutenga species, ndipo m'buku la osewera la 2024 mapointi owonjezera amachokera ku kumene mpangankhani adakulira ndi ntchito imene ankagwira. Osewera ena adakondwa, ena adadandaula kuti mitundu yayamba kufanana yonse, ndipo mtsutsowu sunathe.

Mawu omaliza

Polemba nkhani ino ndidakumana ndi vuto la kumasulira limene landiphunzitsa kanthu. M'Chichewa mawu amodzi akuti mtundu timawagwiritsa ntchito ponena za fuko la anthu, za gulu la nyama kapena mbewu, ngakhalenso za maonekedwe a nsalu. Zimene Angerezi adasintha pochoka pa race kupita pa species, kwa ife zimagwera pa mawu omwewo. Izi zikuonetsa kuti kusintha dzina pakokha sikukwanira. Chofunika ndi zimene timakhulupirira kuti mtundu umagamula pa moyo wa munthu. Mwambi uja wakuti nsomba ikawola imodzi zawola zonse umanena zoona za nsomba, koma tikautengera pa anthu timaweruza osalakwa.

Tolkien sindimuona ngati woyera mtima, ndipo sindimuona ngati mdani. Adali munthu wa nthawi yake amene adajambula adani ake ndi utoto umene adaupeza, koma luso lake la ziyankhulo ndi chikhulupiriro chake sizidamulole kugona tulo pa zimene adajambulazo. Atangowapatsa ma Orc pakamwa poyankhulira, adadziwa kuti wawapatsanso mlandu wofuna kumvedwa. Olemba malamulo a masewero adatenga zaka zoposa 40 kuti afike pa funso limene iye adamwalira akulimbana nalo.

Ife tidapitiriza kusewera ndi buku lakale lija, chifukwa ndilo tidali nalo. Koma tidagwirizana kufafaniza mzere wochotsa nzeru uja ndi pensulo, ndipo mpangankhani wanga ndidamupanga kukhala womasulira wa gulu lathu, wodziwa ziyankhulo zinayi. Pamene tidakumana ndi ma Orc pachipata cha mudzi wawo, iye ndiye adapita patsogolo kukawapatsa moni ndi kufunsa dzina la mfumu yawo.